Mayeso a CLEP a Financial Accounting: zomwe amafunsa ndi pomwe ambiri amagwera

Ku America, munthu amene akulidziwa kale phunziro sakakamizidwa kukhala m'kalasi semesita yonse kuti apeze makirediti ake. Atha kulemba mayeso amodzi, ndipo akakhoza, makoleji ambiri amamuwerengera ngati kuti kosiyo anaichita. Mayeso odziwika kwambiri a mtunduwu ndi a CLEP, omwe amayendetsedwa ndi College Board, bungwe lomwe lija la mayeso a SAT. Mwa mayeso oposa 30 omwe CLEP ili nawo muli a Financial Accounting, omwe amalowa m'malo mwa kosi yoyambirira ya akaunti. Kosi yotereyi pa koleji imadya miyezi inayi ndi madola mazanamazana, mwinanso masauzande, pomwe mayesowa ndi a ola limodzi ndi theka ndipo mtengo wake uli pafupi ndi madola 100, kuonjezapo kandalama komwe malo olembera amalipiritsa paokha.

Musanagule buku lililonse, yambani mwafunsa koleji yanu. Bungwe la American Council on Education limalangiza kuti wopeza 50 apatsidwe makirediti atatu, koma uku n'kulangiza chabe. Koleji iliyonse ili ndi lamulo lake. Ina imafuna malikisi oposa 50, ina imalandira mayesowa kwa ophunzira ena onse kupatula omwe akuchita digiri ya akaunti imene, ina imaika malire a makirediti omwe munthu angapeze kudzera m'mayeso, ndipo ina siwerengera CLEP ngati munalembetsapo kale kosiyo n'kuilephera. Lamuloli limapezeka m'kabuku ka malamulo a koleji kapena ku ofesi ya registrar. Lipezeni lolembedwa, chifukwa zongomva kwa mnzanu sizidzakuthandizani pa tsiku lowerengera makirediti.

Mayesowo amalembedwa pa kompyuta. Mafunso ndi pafupifupi 75, mphindi 90, kutanthauza masekondi 72 pa funso lililonse. Ena mwa mafunsowo ndi ongoyesera ndipo sawerengedwa, koma simungawazindikire. Malikisi amayambira pa 20 kulekeza pa 80, choncho 50 ija si 50 peresenti. Ndi nambala yomwe amaipeza atasintha mayankho anu olondola n'kuwaika pa sikelo yawo. Kulakwa funso sikuchotsetsa malikisi, ndiye palibe chifukwa chosiyira funso losayankha. Kalikuleta imapezeka pa sikilini pomwepo, ndipo ndi yongophatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa basi.

College Board imagawa mafunsowo motere: 30 mpaka 40 peresenti ndi a balance sheet (lipoti la chuma ndi ngongole za bizinesi pa tsiku lina lake), 20 mpaka 30 peresenti a income statement (lipoti la phindu kapena kuluza), 20 mpaka 30 peresenti a mfundo zikuluzikulu za akaunti, 5 mpaka 10 peresenti a statement of cash flows (lipoti la ndalama zolowa ndi zotuluka), ndipo otsalawo, osakwana 5 peresenti, ndi a zinthu zina monga ndalama zomwe kampani yaika m'masheya a makampani ena. Kalikuleta yosavutayo ikukuuzani kanthu: masamu a m'mayesowa ndi a ku pulayimale. Chomwe amayesa kwenikweni n'chakuti kodi mukudziwa nthawi yomwe ndalama iyenera kulembedwa, komanso kuti ikalembedwa kapena ikaiwalika, malipoti a chuma asintha bwanji.

Maziko ake onse ndi chiganizo chimodzi. Chuma chonse chomwe bizinesi ili nacho, assets, chimafanana ndi ngongole zake, liabilities, kuphatikiza gawo la eni ake, equity. Chochitika chilichonse chimalembedwa mbali ziwiri, kumanzere komwe ndi debit ndi kumanja komwe ndi credit, ndipo mbali ziwirizo ziyenera kufanana. Assets, expenses (zomwe bizinesi yawononga pogwira ntchito) ndi dividends (phindu logawira eni masheya) zimakwera ndi debit. Liabilities, equity ndi revenue (zomwe bizinesi yapeza pogulitsa katundu kapena pogwira ntchito) zimakwera ndi credit. Ambiri amasokonezeka chifukwa cha uthenga wa ku banki uja woti akaunti yanu yalandira credit ndalama zikalowa. Banki imalemba kuchokera kumbali yake: ndalama zanu kwa iyo ndi ngongole yoti idzakubwezereni, n'chifukwa chake zikachuluka imalemba credit. M'mabuku anu inu, ndalama zomwezo ndi debit. Mawu awiriwa asamakupatseni chithunzi cha chabwino ndi choipa. Ndi kumanzere ndi kumanja, basi.

Pomwe pagona nkhani: kukonza mabuku pakutha pa chaka

Akaunti ya m'mayesowa siyendera tsiku lomwe ndalama yalowa kapena kutuluka m'thumba. Revenue imalembedwa pomwe ntchito yagwiridwa kapena katundu waperekedwa kwa wogula, ndipo expense imalembedwa m'nyengo yomwe chinthucho chagwiritsidwa ntchito. Kachitidwe aka ndi komwe amakatcha accrual basis, ndipo zolemba zokonzera mabuku pakutha pa nyengo ndi adjusting entries. Amene wazimvetsa izi wadutsa theka la mayeso, chifukwa zimabweranso m'mafunso a income statement, a balance sheet ndi a cash flows omwe.

Tiyerekeze kuti kampani yalipira inshuransi ya miyezi 12 pa 1 Okutobala, madola 1,200. Tsiku limenelo palibe expense. Kampani yangosinthanitsa ndalama ndi chuma china, Prepaid Insurance, chomwe ndi ufulu wotetezedwa kwa chaka. Pofika pa 31 Disembala miyezi itatu yadyeka, ndiye madola 300 amachoka ku Prepaid Insurance kupita ku Insurance Expense, n'kutsala 900 pa balance sheet. Tembenuzani nkhani yomweyo: kasitomala walipiriratu madola 6,000 a ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi pa 1 Novembala. Ndalamazo zili m'banki, koma si zanu panobe. Ndi ngongole ya ntchito, Unearned Revenue, ndipo dzina lake lisakunyengeni, imakhala pakati pa liabilities. Pakutha pa Disembala mwagwira miyezi iwiri, ndiye 2,000 ndiyo revenue, 4,000 ikadali ngongole.

Mitundu ina iwiri ndi ya zomwe zachitika kale koma ndalama sinayende. Antchito agwira masiku atatu omaliza a chaka koma adzalandira mu Januwale: malipirowo ndi expense ya chaka chino, ndipo mbali inayo ndi Wages Payable. Chiwongoladzanja cha ngongole yomwe munakongoza munthu chakhala chikukula ngakhale sanakupatseni: imeneyo ndi revenue ya chaka chino, mbali inayo Interest Receivable. Pa mitundu inayi yonseyi pali chizindikiro chimodzi chodziyesera nacho. Adjusting entry imakhudza akaunti imodzi ya income statement ndi imodzi ya balance sheet, ndipo sikhudza Cash. Mukaona Cash m'yankho la funso lotere, lidutseni.

Olemba mayesowa amakonda kufunsa mozondoka: kampani yaiwala kulemba malipiro a masiku atatu aja, nanga chachitika n'chiyani? Musayankhe za m'mutu. Lembani pa pepala entry yomwe inayenera kulembedwa, kenako muone chomwe chasowa. Expense yasowa, ndiye expenses zachepa, phindu lakwera kuposa loona, equity nayo yakwera, Wages Payable yasowa, ndiye liabilities zachepa, assets sizinakhudzidwe. Zimenezi zimatenga masekondi 20, ndipo zimakupulumutsani ku mayankho omwe amasiyana ndi liwu limodzi lokha, overstated (zachulutsidwa) kapena understated (zachepetsedwa).

Katundu wogulitsa

Apa manambala ndi ofunika kuwayeseza mpaka dzanja lizolowere. Sitolo inayamba chaka ndi zinthu 100 zogulidwa pa madola 10 chimodzi, kenako inaoda zina 100 pa madola 12, n'kugulitsa 150. Mtengo wa katundu yense ndi 2,200. Pa njira ya FIFO timati zoyamba kulowa ndizo zoyamba kutuluka: 100 za pa 10 ndi 50 za pa 12, mtengo wa katundu wogulitsidwa, cost of goods sold, ndi 1,600, katundu wotsala ndi 600. Pa LIFO zomaliza kulowa ndizo zimatuluka poyamba: 100 za pa 12 ndi 50 za pa 10, cost of goods sold ndi 1,700, wotsala 500. Pa weighted average, 2,200 kugawa kwa 200 ndi 11, ndiye 1,650 ndi 550. Pa njira zonsezi, wogulitsidwa kuphatikiza wotsala ayenera kubwerera pa 2,200. Ngati sizikutero, mwaphonya penapake. Mitengo ikamakwera, FIFO imaonetsa phindu lalikulu, LIFO imaonetsa phindu laling'ono komanso msonkho wochepa. Koma werengani funso bwino, chifukwa nthawi zina amati mitengo ikutsika, ndipo zonse zimatembenuka.

Funso lina lomwe silisowa ndi la kulakwitsa kuwerenga katundu wotsala. Mukamuchulutsa ndi madola 500 chaka chino, cost of goods sold imachepa ndi 500 ndipo phindu limakwera ndi 500. Chaka chamawa katundu yemweyo ndiye woyambira, ndiye phindu limatsika ndi 500. Pakutha pa chaka chachiwiri retained earnings, phindu lomwe lasungidwa m'kampani, imakhala italondola yokha, ngakhale phindu la chaka chilichonse palokha ndi lolakwika.

Tinthu tiwiri ta malonda tongofunika kuloweza. 2/10, n/30 ikutanthauza kuti wogula achotseredwa 2 peresenti akalipira m'masiku 10, apo ayi alipire zonse m'masiku 30. FOB shipping point ikutanthauza kuti katundu ndi wa wogula akangokwezedwa pa galimoto, pomwe FOB destination amakhalabe wa wogulitsa mpaka atafika. Choncho katundu yemwe ali pamsewu pa 31 Disembala amawerengedwa kwa mwini wake malinga ndi mawu amenewa.

Ngongole zosabwezedwa ndi kutha kwa makina

Gawo la makasitomala osalipira ndi lomwe limagwetsa ngakhale omwe anawerenga bwino, chifukwa pali njira ziwiri zoyerekezera ndipo zimachita mosiyana ndi ndalama yomwe ili kale mu Allowance for Doubtful Accounts, akaunti ya ngongole zomwe zikukayikitsa kuti zidzalipidwa. Mukauzidwa kuti 1 peresenti ya malonda a pangongole sidzalipidwa, yankho la kuchulukitsako ndiye expense, osayang'ana zomwe zili mu Allowance. Koma mukauzidwa kuti 5 peresenti ya Accounts Receivable (ngongole zomwe makasitomala ali nazo kwa inu) ya madola 80,000 sidzalipidwa, 4,000 yomwe mwapezayo ndi pomwe Allowance iyenera kukafika. Ngati muli kale credit ya 1,000, expense ndi 3,000. Ngati muli debit ya 500, expense ndi 4,500. Dziwani kuti 4,000 idzakhalapo pakati pa mayankho, ikukudikirani. Chinanso: tsiku lomwe mwafafaniza ngongole ya kasitomala wina yemwe wathawa, phindu silisintha, ndipo ndalama zomwe mukuyembekeza kutolera sizisintha, chifukwa expense inalembedwa kale pa nthawi yoyerekeza ija.

Depreciation ndi kugawa mtengo wa makina pa zaka zomwe agwire ntchito, osati kuyesa kuti angagulitsidwe zingati lero. Makina a madola 50,000, oti adzagulitsidwa 5,000 patatha zaka 5: pa straight-line, 45,000 kugawa kwa 5 ndi 9,000 pa chaka. Pa double-declining-balance mumatenga 20 peresenti ya pachaka (gawo limodzi mwa zaka 5 zija) n'kuichulukitsa kawiri, 40 peresenti, n'kuimenya pa mtengo womwe watsala m'mabuku osayamba mwachotsa 5,000 ija: chaka choyamba 20,000, chachiwiri 40 peresenti ya 30,000, yomwe ndi 12,000, ndipo mumaima mtengo ukafika pa 5,000. Onetsetsani tsiku logulira. Makina ogulidwa pa 1 Julayi amalembedwa theka la chaka. Ndalama zonyamulira ndi zoikira makina zimalowa mu mtengo wake, zokonzetsa za masiku onse ndi expense, ndipo malo sawerengeredwa depreciation. Mukagulitsa makina aja madola 24,000 patatha zaka zitatu za straight-line, m'mabuku atsala pa 23,000, ndiye phindu la kugulitsako, gain, ndi 1,000.

Kuyanjanitsa mabuku ndi sitetimenti ya banki n'kosavuta mukangofunsa kuti ndani sakudziwa. Macheke omwe sanafike ku banki ndi ndalama zosungitsidwa zomwe banki sinazilembe zimakonzedwa kumbali ya banki. Ndalama zomwe banki yadula, cheke cha kasitomala chomwe chabwezedwa ndi chiwongoladzanja chomwe banki yaonjeza zimakonzedwa kumbali ya mabuku, ndipo izi zokha ndizo zimafuna entry.

Ma bond, mapepala omwe kampani imagulitsa pokongola ndalama kwa anthu n'kumawalipira chiwongoladzanja, amaopsa dzina lokha. Kampani ikalonjeza 6 peresenti pomwe msika ukupereka 8, anthu sagula pokhapokha mtengo utsike, ndiye bond imagulitsidwa pa discount. Ikalonjeza zoposa za msika imagulitsidwa pa premium. Bond ya madola 100,000 ya zaka 5 yomwe yagulitsidwa pafupifupi 92,000 imalipira 6,000 pa chaka, koma interest expense ya chaka choyamba pa njira ya effective interest ndi 8 peresenti ya 92,000, yomwe ndi 7,360. Kusiyana kwake, 1,360, kumakweza ngongoleyo m'mabuku kufika 93,360, ndipo imakwerabe chaka ndi chaka mpaka 100,000. Ku mbali ya masheya, gwirani izi: dividends si expense ndipo sizioneka pa income statement; zimakhala ngongole tsiku lomwe bodi yalengeza; treasury stock, masheya omwe kampani yadzigulira yokha, amachepetsa equity ndipo si asset.

Statement of cash flows ili ndi mafunso ochepa, koma ndi malikisi osavuta kutola. Kugula ndi kugulitsa makina, nyumba ndi malo ndi investing. Kukongola, kubweza ngongole, kugulitsa masheya a kampani ndi kulipira dividends ndi financing. Chiwongoladzanja chomwe kampani yalipira ndi operating, ngakhale ngongole yake ili ku financing. Pa indirect method mumayambira pa phindu, tinene 40,000, kuonjeza depreciation 9,000 chifukwa sinatulutse ndalama, kuchotsa 6,000 yomwe Accounts Receivable yakwera nayo, kuonjeza 2,000 yomwe Accounts Payable (ngongole za kampani kwa omwe amaigulitsa katundu) yakwera nayo, ndi kuchotsa gain ya 1,000 ya makina aja popeza 24,000 yonse ikaonekera ku investing. Yankho ndi 44,000.

Ma ratio nawo amafunsidwa mozondoka. Kudziwa kuti current ratio ndi current assets (chuma chomwe chisanduke ndalama pasanathe chaka) kugawa kwa current liabilities (ngongole zolipira pasanathe chaka) sikokwanira. Kampani ili ndi current assets za 20,000 ndi current liabilities za 10,000, ratio ndi 2; ikalipira ngongole ya 5,000 imatsala ndi 15,000 ndi 5,000, ratio n'kukwera kufika 3, pomwe working capital, kusiyana kwa ziwirizi, ikadali 10,000. Funso lotere likabwera lopanda manambala, pekani anu osavuta n'kuyesa.

Kwa amene anaphunzira akaunti ku Malawi kapena ku Zambia

Amene anadutsa m'maphunziro a ICAM, ZICA kapena ACCA ali ndi poyambira pabwino, koma mayesowa amatsata malamulo a ku America, US GAAP, osati malamulo a akaunti a mayiko ambiri otchedwa IFRS. LIFO ndi yoletsedwa pansi pa IFRS, ndiye mwina simunaiyesezepo. Ku America ndi yololedwa ndipo imafunsidwa. IFRS imalola kukweza mtengo wa nyumba ndi malo m'mabuku kuti ufanane ndi wa pamsika, US GAAP silola. Mawu nawo amasiyana, ndipo lina ndi loopsa: stock yomwe kwathu kuno ambiri amatanthauza katundu wa m'sitolo, ku America ndi masheya, katunduyo ndi inventory. Debtors ndi accounts receivable, creditors ndi accounts payable, turnover ndi sales kapena revenue. Madeti amayamba ndi mwezi, choncho 3/1 ndi 1 Malichi osati 3 Januwale, ndipo pa funso la depreciation kapena chiwongoladzanja miyezi iwiri imeneyo isintha yankho.

Kawerengedwe

Amene akuyamba kumene adzipatse masabata asanu ndi atatu kapena khumi a ola limodzi kapena awiri pa tsiku. Amene amagwira kale ntchito ya mabuku atha kukwanitsa m'masabata atatu kapena anayi, bola asadumphe ma bond, masheya ndi cash flows, zomwe sizipezeka m'mabuku a bizinesi yaing'ono. Masabata awiri oyamba athere pa debit ndi credit, adjusting entries ndi kutseka mabuku. Musapitirire musanathe kutenga zochitika 15 za kabizinesi kamodzi n'kuziyendetsa nokha kuchokera mu journal (buku lolembamo zochitika), kupita mu ledger (buku la maakaunti), trial balance (mndandanda woonera ngati ma debit akufanana ndi ma credit), mpaka malipoti onse, osasuzumira m'buku. Trial balance ikakana kufanana, gawani kusiyanako ndi 9: ikagawika bwinobwino, mwina mwatembenuza manambala, monga kulemba 540 m'malo mwa 450. Ikafanana musasangalale msanga, chifukwa entry yoiwalika yonse kapena yolembedwa mu akaunti yolakwika siionekera pamenepo.

Zowerenga zaulere zilipo. Bungwe la Modern States lili ndi kosi ya pa intaneti yokonzekeretsa mayeso amenewa, ndipo omaliza kosiyo amatha kupempha vocha yolipirira mayeso. OpenStax, ya ku Rice University, ili ndi buku laulere la kosi yoyambirira ya akaunti. College Board ili ndi mafunso achitsanzo, omwe ndi ofunika chifukwa amaonetsa kafunsidwe kenikeni. Mavidiyo amathandiza kumvetsa, koma amanyenga: munthu amagwedeza mutu ola lonse, n'kukakamira pa funso loyamba. Pa ola lililonse loonera, ikani awiri a pensulo ndi pepala. Funso lililonse lomwe mwalakwa, lembani chifukwa chake m'kope: simunadziwe lamulo, munawerenga molakwika, kapena munaphonya masamu. Pakatha sabata mudzaona mtundu womwe ukubwerezabwereza.

Sabata yomaliza lembani mayeso athunthu kawiri, wotchi ili patsogolo, ndi kalikuleta ya pa kompyuta yomwe mumadina ndi mbewa, chifukwa imachedwetsa kuposa ya m'manja. Pa tsiku lenilenilo nyamulani chiphaso chokhala ndi chithunzi chomwe dzina lake likufanana ndendende ndi lomwe munalembetsa, pamodzi ndi tikiti yolembetsera. Pa pepala lomwe akupatseni jambulani ma T-account (chilembo T chokhala ndi debit kumanzere ndi credit kumanja) pa funso lililonse lofuna kutsatira akaunti. Funso likadya mphindi ziwiri, sankhani yankho, liikeni chizindikiro, pitirirani. Mukamaliza, kompyuta imafunsa ngati mukufuna malikisi awerengedwe kapena afafanizidwe, ndipo imafunsa musanawaone. Mukafafaniza simudzawadziwa ndipo ndalama sibwerera. Mukavomera, malikisi amaoneka pa sikilini nthawi yomweyo n'kutumizidwa ku koleji yomwe munasankha polembetsa. Mukapanda kufika pomwe koleji ikufuna, muyenera kudikira miyezi itatu musanalembenso, choncho tsiku la mayeso liikeni miyezi inayi isanafike nthawi yolembetsa kosi yotsatira ya akaunti, yomwe kawirikawiri imafuna kuti makirediti a yoyambayi akhale atalowa kale.